A Kopolo atalola kuti tiwanyamule

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo? Kuno ku Mangochi kwacha bwino, mwera wapumako, ndipo asodzi amene anachezera panyanja akukocheza ndi usipa wawo. Mawu a m'mawa uno achokera pa Yesaya 46:4. Pamenepo Mulungu akuuza anthu ake kuti ngakhale adzakalambe, mutu n'kuchita mbuu ndi imvi, Iye adzakhala yemweyo. Anawalenga ndi Iye, ndipo adzawanyamula, kuwasenza ndi kuwapulumutsa.

Ndikamawerenga vesi limeneli ndimaona nkhope ya agogo anga aamuna, obereka mayi anga. Lero ndi tsiku limene anatisiya, ali ndi zaka zopitirira 90.

Mudzi wonse unkangowatchula kuti a Kopolo. Analowa usilikali wa KAR (King's African Rifles, gulu la asilikali la nthawi ya atsamunda) ali mnyamata, nthawi imene boma lathu lino linkatchedwa Fort Johnston. Anakaphunzira ku Zomba, anakwera sitima ya pamadzi ku Mombasa mpaka ku Ceylon, komwe lero ndi Sri Lanka, ndipo mu 1944 anali m'nkhalango za ku Burma, m'chigwa cha Kabaw, mvula ili pachimake. Koma za nkhondo sankazikamba wambawamba. Anyamata a Beni akabwera kudzavina ndi mapinto ndi makaki awo, agogo ankaseka mpaka misozi, n'kudzuka kukawakonza kapondedwe ka mwendo. Zikatha, ankabwerera pampando wawo duu.

Tsiku lina tikusoka ukonde pakhonde ndinawafunsa kuti, "Agogo, kodi nkhondo imakhala bwanji?" Ndinkayembekezera nkhani za mfuti ndi mabomba. Iwo anati, "Bwanawe, nkhondo ndi kunyamula." Mfuti paphewa, zipolopolo m'chiuno, chikwama chonyowa kumsana, matope mpaka m'mawondo. Magalimoto ankatitimira, chakudya chinkachita kuponyedwa ndi ndege, ndipo malungo ankagwetsa anthu ambiri. Kenako anandiuza za mnzawo wina wa ku Namwera, Msilamu, amene anadwala moti sakanatha kuima. Anamuika pa machira a nsungwi, anthu anayi, kuterereka naye, kugwa naye, kudzukanso. Mendulo zawo zinkakhala m'kachitini pansi pa bedi ndipo sankazitulutsa kawirikawiri, koma bambo wa ku Namwera uja ankamutchula chaka ndi chaka.

Nkhondo inatha mu 1945, koma kunyamula sikunathe. Pa njala ya 1949, amuna ena atathawa mabanja awo, iwo ankayenda mitunda kukasuma, n'kubwera ndi thumba pamutu. Anaphunzitsa ana ndi ndalama ya chambo cha ku Malombe, dengu panjinga mbandakucha, ku mzikiti asanaitane n'komwe. Zaka zija maliro anachuluka m'midzi yathu chifukwa cha edzi, ana amasiye a pachibale anadzaza nyumba yawo, ndipo sindinawamvepo akufunsa kuti uyu ndi wa yani. Ankangouza agogo aakazi kuti awonjezere ufa mumphika.

Ndiye miyendo inadzakana.

M'mawa umenewo sindidzauiwala. Anali atakhala m'nyumba masiku angapo osaona dzuwa, ndipo ine ndi amalume tinagwirizana zowatulutsa kuti akakhale pansi pa mtengo wa mango. Titangowerama kuti tiwagwire, anatikankha manja. Nkhope inachita kuuma. "Ndisiyeni. Msilikali sanyamulidwa akadali moyo." Tinaima ngati ana olakwa, osadziwa chochita. Agogo aakazi, amene anali pakhomo akupeta mpunga, anaika lichero pansi n'kunena mofatsa kuti, "Abambo, nanga mnzanu uja wa ku Namwera munamunyamula atafa?"

M'nyumba munati zii. Patapita kanthawi, a Kopolo anatukula manja onse awiri, monga amachitira mwana wofuna kuberekedwa. Ndinawagwira kumsana, amalume kumiyendo. Chimene chinandiliza n'chakuti anali opepuka kwambiri. Munthu amene anasenza mudzi wonse ndinkamumva nthiti m'manja mwanga.

Madzulo ake ndinawawerengera vesi la Yesaya lija, chifukwa maso anali atasiya kuona zilembo. Anandiuza kuti ndibwereze. Nditabwereza anagwedeza mutu nati, "Zaka zonsezi ndinkayesa kuti wonyamula ndine. Kani nanenso ndinali pa machira." Kuyambira tsiku limenelo, m'mawa uliwonse ankaitana okha kuti, "Adzukulu, bwerani mudzanditulutse."

Ndikudziwa kuti ambiri amene mukuwerenga izi ndinu onyamula. Fizi ya ana, mankhwala a mayi kumudzi, lendi, ngongole ya ku banki m'khonde, abale amene foni yawo ikalira mumadziwiratu chimene akufuna. Mwazolowera kuti mukafunsidwa mumayankha kuti muli bwino, ngakhale msana ukuthyoka. Ngakhale popemphera timabwera ngati asilikali pa perete, chilili, osafuna kuti Mulungu aone pamene patupa. Komatu m'vesi muja Iye sakunena kuti adzationerera tikuyenda. Akunena kuti adzatisenza, ndipo vesi la pamwamba pake likuti wakhala akutinyamula kuyambira tili m'mimba. Ngati mwatopa m'mawa uno, muuzeni. Uzaninso munthu mmodzi amene mumamukhulupirira, chifukwa nthawi zambiri manja amene Mulungu amanyamulira ndi a m'bale, a mnansi, kapena a mdzukulu.

Ndipo pali china chimene chimandiwawa. Mwezi wa Novembala timavala maluwa ofiira aja, akuluakulu n'kukaika nkhata pa chipilala cha asilikali ku Zomba, zomwe n'zoyenera. Koma m'midzi yathu yomweyi, nkhalamba ikangokhalitsa, ena amayamba kuinong'oneza kuti ndi mfiti, kuti ikudya zaka za ana. Zimenezi ndi nkhanza, ndipo ndi tchimo. Imvi zimene Mulungu walonjeza kuzisenza, ife tingaziponye miyala bwanji? Munthu amene mukumuona akunjenjemera pamkekayo anaberekapo wina kumsana, mwina inu amene.

Tipemphere. Atate, zikomo chifukwa cha moyo wautali wa agogo athu ndi onse amene anatisenza tisanadziwe kuyenda. Amene alema m'mawa uno, apatseni mtima wolola kunyamulidwa. Amene akusamalira okalamba ndi odwala, alimbitseni manja ndi kuwapatsa kuleza mtima. M'dzina la Yesu, amen.

Ine ndilekeze pomwepa. Mayi anga nawonso mawondo ayamba kuwavuta, ndipo ndawamva akutsokomola kuchipinda. Ndikawathandize kutsika pakhonde dzuwa la Mangochi lisanayambe kuwotcha.