Funsani mfuti yanu, osati bokosi: nkhani kwa alenje atsopano ku South Bend, mzinda wa ku Indiana ku America

Zikomo a tcheyamani, zikomonso amayi mwatiphikira. Mbale za pepala mwadyerazo musataye zonse, imodzi mundisungire, ndiifuna posachedwapa.

Chaka chatha nditabweretsa nyama ya gwape pamsonkhano ngati uno, anyamata angapo ananditsata mpaka pagalimoto, ati nawonso akufuna kuyamba uzimba. Awiri agula kale mfuti za shotgun. Ndiye akomiti anati m'malo moyankha mmodzimmodzi pafoni, ndilankhule pagulu za kasankhidwe ka zipolopolo, popeza ku Michigan nyengo yosaka ndi mfuti imatsegulidwa pa 15 November, ndipo kuno ku Indiana ndi cha pakati pa mwezi womwewo. Ndikamati gwape ndikunena white-tailed deer. Ndangomubwereka dzina. Gwape wakwathu umamukoleka paphewa n'kumapita uku ukuimba mluzu, koma wakuno wamphongo amalemera ngati munthu wamkulu, ena kuposa pamenepo.

Za mapepala ndidutsapo mwachangu, koma mumve. Laisensi yosakira ndi yofunika, ndipo ambiri a inu mudzayenera kuchita kaye maphunziro a alenje: ku Indiana aliyense wobadwa chaka cha 1986 chitadutsa, ku Michigan aliyense wobadwa kuyambira 1960. Amene muli pa viza ya sukulu kapena ya ntchito, lamulo la dziko lino silikulolani kusunga mfuti pokhapokha mutalowa m'magulu ochepa opatulidwa, monga okhala ndi laisensi yosakira imene ikugwira ntchito. Amene mapepala anu sanalongosoke, mfuti musaikhudze n'komwe, bwerani mudzangodya nyama.

Bwanji shotgun, mfuti yomwe kwathu timaidziwa ngati ya nkhanga ndi abakha? Taonani dera lino. Ndi chigwa chokhachokha, minda ya chimanga ndi soya, nyumba apa, khola apo, msewu uko. Chipolopolo cha raifo yaikulu chikaphonya chimapita kutali kwambiri, ndiye kwa zaka zambiri maboma a kuno ankalola shotgun yoponya chipolopolo chimodzi chachikulu, chotchedwa slug, chomwe chimagwa msanga. Malamulo afewa tsopano. Ohio ndi kumwera kwa Michigan analola mitundu ina ya raifo mu 2014, Iowa mu 2017, Illinois mu 2023, ndipo akusinthabe, choncho kabuku ka malamulo muziwerenga ka chaka chimenecho. Koma mfuti za slug zidakali mbwee, ndipo zogwiritsidwapo kale ntchito zatsika mtengo. N'zimene anyamata athuwa agula.

Chotsani zipolopolo zonse, tsegulani mfuti, muiloze kowala n'kusuzumira mumpope kuchokera kumbuyo. Mukaona mkati mosalala ngati paipi ya madzi, imeneyo ndi nkhani ina. Mukaona mizere yopota ikuzungulira kuyambira kuno mpaka kukamwa, mpope wanu ndi umene Azungu amati rifled. Mizereyo ntchito yake ndi kupota chipolopolo. Mukukumbuka nguli? Ikamazungulira mwamphamvu imaima chilili, ikafooka imayamba kudzandira n'kugwa. Chipolopolo chimodzimodzi.

Tsopano apa ndi pamene ine ndinagwa m'mbuna. Chaka changa choyamba ndinalowa m'sitolo ina, ndaona bokosi lolembedwa kuti rifled slug, mtengo wake wabwino. Ndinati eya, mpope wanga ndi rifled, chipolopolo ndi rifled, ukwati watheka. Ndinagula mabokosi anayi. Zoyamba zinagunda bwinobwino. Pofika bokosi lachitatu, mabowo pachandamale anali balala, lina uku lina uko, ngati nkhuku zaona mphamba. Posuzumira mumpope, mizere ija inali itamatidwa mtovu. Ndinakhala usiku wonse ndikupala ndi bulashi, mayi akunyumba akundifunsa ngati ndakwatira mfuti.

Dzinalo ndi lonyenga. Rifled slug ndi chipolopolo cha mpope wosalala. Anachikonza ndi Karl Foster wa kuno ku America mu 1931, n'chifukwa chake mudzamvanso akuti Foster slug. Nachi, chiyendetseni m'manja, n'chochotsedwa kale mukatiriji, kachibotolo kosunga onga ndi chipolopolo, sichingaphulike. Ndi mtovu wofewa, kutsogolo kolemera, kumbuyo kuli mphako ngati kakapu. Chimawongoka monga muvi, mutu wolemera kutsogolo, mchira wopepuka kumbuyo. Timizere mukuona m'mbalimo sitichipota kwenikweni, timangothandiza kuti chifinyike podutsa pamene mpope wapanikiza. Mu 12 gauge (gauge ndi nambala yosonyeza kukula kwa mkati mwa mpope) chodziwika kwambiri chimalemera aunsi imodzi, magalamu 28, ndipo chimatuluka pa liwiro la mafiti pafupifupi 1,600 pa sekondi. Pali mbale wake wa ku Germany, Brenneke, amene Wilhelm Brenneke anapanga mu 1898. Ameneyu ndi wolimbirapo, ndipo chotsekera chake chomulekanitsa ndi onga chimakhala chomangirira kumbuyo ngati mchira. Kuwombera Foster mumpope wa mizere sikoopsa, kungoti mukupaka mtovu m'mizere ndipo mukutaya chimene munalipirira mpopewo.

Cha mpope wa mizere ndi ichi, sabot. Amatchula kuti "sebo", ndi mawu a Chifalansa otanthauza nsapato ya mtengo. Onani, chipolopolo chenichenicho n'chaching'ono, chosongoka, chavala jekete ya pulasitiki monga mtedza m'khoko mwake. Mizere imagwira pulasitikiyo, pulasitiki n'kupota chipolopolo, ndipo zikangotuluka khoko limakanuka n'kugwa pansi, mtedza n'kupitirira wokha. Mukapita kumalo oyesera mfuti mudzaona timakoko timeneti tili mbwee pa udzu kutsogolo kwa mabenchi. Mwachitsanzo, Hornady SST ya 12 gauge imalemera magreni 300, omwe ndi magalamu 19 ndi pang'ono, ndipo pabokosi amalemba mafiti 2,000 pa sekondi. Foster mumpope wosalala ndimamukhulupirira mpaka mayadi 75 basi. Sabot mumfuti yabwino yokhala ndi scope, galasi lolozera patali, imagwira ntchito pa mayadi 150, akatswiri amafika 200. Mukaiyika mumpope wosalala, palibe choipota, imapita chogubuduzika, ndalama zapita. Ndipo ndi ndalama ndithu: m'bokosi mumakhala zisanu zokha, mtengo wake kuposa wa Foster kangapo.

Achimwene kumbuyoko mukufunsa kuti ndiye sabot yabwino ndi iti? Funso limenelo ndi limene ndabwerera, ndipo yankho lake simulikonda. Ine sindingakusankhireni. Mnzanu wa kuntchito sangakusankhireni, ngakhale wa pa YouTube. Mizere ija simapota mofanana. Mipope ina ya 12 gauge chipolopolo chimazungulira kamodzi pa mainchesi 35, ina pa mainchesi 28. Savage 220, ya 20 gauge ija ambiri amaikonda, ndi kamodzi pa mainchesi 24. Kukula kwa mkati mwa mpope nakonso kumasiyana pang'ono, ndipo pulasitiki ya kampani ina ndi yolimba, ya ina yofewa. Ndaonapo mfuti ziwiri za mtundu umodzi, zogulidwa sitolo imodzi, ina ikukonda Remington AccuTip, inzake ikuimwaza n'kumakonda Federal. Zili ngati ana a mimba imodzi, wina therere wina ayi.

Choncho gulani mitundu itatu, bokosi limodzi limodzi. Khalani pabenchi, mfuti itsamire pa matumba a mchenga. Yambani pa mayadi 50, muwombere katatu, mudikire mpope uzizire, chifukwa mpope wa shotgun ndi wopyapyala, umatentha msanga n'kuyamba kunama. Amene mfuti zanu ndi za pampu zosintha mpope, monga Remington 870 kapena Mossberg 500, mangitsani chotsekera chogwira mpope chija nthawi iliyonse, chikakhwepa pang'ono mudzanamizira chipolopolo chosalakwa. Posintha mtundu pukutani mumpope, pulasitiki nayonso imatsalira m'mizere. Mtundu umene waika mabowo atatu pafupi, pitani nawo pa mayadi 100. Ukakhozanso pamenepo, bwererani kusitolo tsiku lomwelo mukagule mabokosi angapo a nambala ya lot yofanana, kutanthauza opangidwira limodzi kufakitale, imalembedwa pachivundikiro cha bokosi. Mu November mashelefu amakhala mbee.

Ndipatseni mbale ija. Zikomo mayi. Mtima ndi mapapo a gwape, kuseri kwa mwendo wakutsogolo, ndi malo aakulu ngati mbale iyi. Ikhomeni pachandamale. Mtunda umene mungathe kuika zipolopolo zonse m'mbale muno, mutavala chijasi chanu chosakira, zala zitazizidwa, mutakhala monga mudzakhalire kutchire osati pabenchi, umenewo ndiye malire anu. Bokosi linene 200, ngati mbale ikuti 90, ndi 90. Slug ndi yolemera ndiponso yochedwa poyerekeza ndi chipolopolo cha raifo, ikadutsa mayadi 100 imayamba kutsika mofulumira, ndipo mphepo ya m'minda yokololedwayi imaikankhira pambali. Ine ndinalasapo gwape m'mimba chifukwa chodzikhulupirira. Tinamulondola ndi tochi mpaka pakati pa usiku, timadontho ta magazi pa masamba, kenaka osaonekanso. Sitinamupeze. Agogo anga, amene ankasaka ndi gogodera wothira onga kukamwa, akanandilanda mfuti tsiku limenelo, chifukwa iwo ankakwawa mpaka kumva nyama ikutafuna.

Mayi mukuti mwana wanu wamkazi akufuna kuyamba, koma mukuopa kukankha kwa mfuti? Mugulireni 20 gauge, ndipo abambo musaseke, inenso ndinasamukira komweko. Nambala ikakula mpope umachepa: 12 gauge mkati mwake ndi mamilimita 18.5, 20 gauge ndi 15.6. Sabot ya 20 gauge yolemera magreni 250 kapena 260 imagwetsa gwape aliyense wa kuno, ndipo phewa silichita mikwingwirima. Mfuti yomenya kwambiri imaphunzitsa munthu kutsinzina ndi kugwedezeka asanawombere, ndiye mphamvu zambirizo zimakathera mumtengo. Pachifukwa chomwecho makatiriji a mainchesi 3 sindiwalimbikitsa. Amawonjezera liwiro pang'ono, ululu wambiri, ndipo mfuti zambiri zimalasa bwino ndi a 2¾.

Popeza nyamayi timagawana, ana amadya, amayi oyembekezera amadya, ganiziraninso za sabot za kopa yekhayekha, monga Barnes Expander kapena Federal Trophy Copper. Mtovu umatha kusiya tizidutswa mu nyama mozungulira bala. Ngati mfuti yanu yakana kopa n'kukonda mtovu, dulani mowolowa manja mozungulira balalo n'kutaya, makamaka nyama yokagayitsa.

Zolakwa ziwiri izi zingaphe mwini mfuti. Pampope panalembedwa utali wa katiriji yoyenera. Ya mainchesi 3 imalowa bwinobwino mumfuti ya 2¾, koma pophulika ilibe malo otsegukira, mphamvu imapanikizika mkati. Chachiwiri ndi ichi chachikasu. Makatiriji a 20 gauge amawapanga achikasu dala. Kakalowa mu 12 gauge kamatsetsereka n'kukakamira mkati mwa mpope osaoneka, inu n'kuganiza kuti simunaike, n'kuikanso ya 12 pambuyo pake. Mpope umang'ambika pomwe pali dzanja lanu lamanzere. Bambo ndi mwana mukamasaka ndi mfuti zosiyana, aliyense thumba lake, ndipo musanatuluke m'nyumba pisani m'matumba onse a chijasi cha chaka chatha.

Oyesa mfuti tipita kawiri, a Sabata Lamulungu masana, enanu Loweruka m'mawa. Bwerani ndi zotseka m'makutu, magalasi, chovala cha mtundu wa olenji ndi mabokosi anu atatu. Mbale za pepala ndibweretsa ndine. Zipolopolo ziwiri ndinayendetsa zija zili ndi ndani? Chabwera chimodzi chokha.