Mawu a M'mawa: Yekha, Komanso Mmodzi

Mwadzuka bwanji, abale ndi alongo mwa Ambuye? Pa Maliko 1:35 Yesu adalawirira kudakali mdima kupita kumalo kopanda anthu kukapemphera.

Moyo wa amonke, anthu odzipatula kuti azipemphera monga adachitira Yesu apa, pa Chingerezi amautcha monasticism. Muzu wake ndi liwu la Chigiriki lakuti monos, kutanthauza "yekha" kapena "mmodzi". M'liwu limeneli mudatuluka monachos, munthu wokhala payekha. Chilatini chidati monachus, Chingerezi chakale munuc, lero akuti monk. Ngakhale dzina la Westminster ku London lili ndi muzu womwewo.

Poyamba dzina lakuti monachos linkagwirizana ndi zochitika. Antony wa ku Egypt atamva Mateyu 19:21 m'tchalitchi adagawa chuma chake n'kulowa m'chipululu, komwe adamwalira mu 356. Koma cha m'ma 320 Pachomius adasonkhanitsa amonke ku Tabennisi, m'mbali mwa mtsinje wa Nile, kuti azidyera pamodzi ndi kutsata lamulo limodzi. Nanga "wokhala yekha" angakhale bwanji pagulu? Augustine, bishopu wa ku Hippo, pofotokoza Salimo 133 adayankha bwino kwambiri: anthu okhala ndi mtima umodzi, monga pa Machitidwe 4:32, ndiwo oyenera kutchedwa monos. Apa m'pamene liwuli likutikhudza ifenso okhala ndi mabanja ndi ntchito.

Mtima wotere sungobwera wokha. Benedict, mtsogoleri wa amonke ku Monte Cassino ku Italy, adakonza kuti amonke azipemphera kasanu ndi kawiri patsiku, kuwonjezapo pemphero la usiku, ndipo azitsiriza Masalimo onse 150 sabata iliyonse. Adadzudzula amonke oyendayenda, ogona masiku atatu kapena anayi nyumba ino, mawa ali ku ina. Evagrius, mmonke wa m'chipululu cha ku Egypt, naye adafotokoza chiwanda cha masana: kuyambira cha m'ma 10 koloko mpaka 2 koloko mmonke amangosuzumira pazenera, dzuwa likuoneka ngati laima, mtima ukumuuza kuti kwina kuli bwino kuposa pano. Mankhwala ake anali kukhala pomwepo, manja ali pa ntchito.

Ifenso chimatigwetsa n'chomwecho, kusinthasintha nthawi ndi malo mpaka pemphero kuzilala. Sankhani malo amodzi, kaya pakhonde kaya pamphasa kuchipinda, mphindi 15 musanakoleze moto, foni ili kutali. Werengani Salimo limodzi motulutsa mawu, kawiri. Maganizo akathawira ku ngongole, abwezeni ku ndime yomwe munali. Musanyamuke nthawi isanakwane.

Lero tiyambe ndi Salimo 86, tikaime pa ndime 11, pamene wolembayo akupempha mtima wosagawanika.