Shaki akutha m'nyanja, nanga ndalama zake zikupita kwa yani?

Muli bwanji nonse amene mukutionera, a ku Matero, Chawama, Kanyama ndi kwina konse. Lero tikukamba za shaki. Mwina mukuti, "Ife kuno tilibe nyanja yamchere, zitikhudza bwanji?" Dikirani. Zambezi wathuyu amakathira m'nyanja ku Mozambique, ndipo kumeneko kuli mtundu wa shaki umene umakwera mtsinje n'kumakhala m'madzi opanda mchere. Asodzi a kumeneko ndi anansi athu.

[Pa sikirini: zipsepse zoyanikidwa padzuwa]

Onani izi. Ndalama zambiri za shaki zili pa zipsepsezi. Amaziumitsa n'kuzitumiza ku Asia, makamaka kudzera ku Hong Kong, kumene amaphikira msuzi wodula wa pa maukwati ndi maphwando. Chifukwa nyama yake ndi yotsika mtengo ndipo imadzaza malo m'boti, ena amangodula zipsepse n'kumuponya shakiyo m'madzi ali wamoyo. Sangathenso kusambira, amamira n'kufa. Zimenezi zimandiwawa, abale, chifukwa ndi nkhanza komanso ndi kutaya ndiwo.

Nyamayo imadyedwa ndithu, koma ili ndi vuto lake. M'thupi mwa shaki muli mankhwala otchedwa urea, omwe aja ali mu feteleza. Akangofa, ngati sunamukhetse magazi msanga n'kumuika pa ayezi, nyama imayamba kununkha ngati mkodzo. N'chifukwa chake ku Zanzibar ndi m'mbali mwa nyanja ku Tanzania amaicheka n'kuithira mchere wambiri, kenako kuiyanika. Yotero imasungika n'kuyenda ulendo wautali osaola. Chiwindi chake, chomwe ndi chachikulu kwambiri, amachiyenga mafuta opangira zodzoladzola. Khungu nalonso amalifufuta n'kukhala chikopa. Koma zonsezi zimafuna ayezi, magetsi osazimazima ndi malo aukhondo pagombe pomwepo. Popanda zimenezo, msodzi amagulitsa pa mtengo uliwonse umene wogula wanena, poopa kuti nsomba imuolera m'manja. Amayi ogulitsa nsomba zaziwisi ku msika wa Soweto akudziwa bwino zimene ndikunena, makamaka magetsi akathima.

Tsono shaki sabereka ngati kapenta. Mitundu yambiri imatenga zaka zambiri isanayambe kubereka, ndipo imabala ana ochepa. Akatswiri anayerekezera mu 2013 kuti shaki pafupifupi 100 miliyoni amaphedwa chaka chilichonse. Mu 2021 bungwe loona za kuteteza chilengedwe pa dziko lonse la IUCN linanena kuti pafupifupi mtundu umodzi mwa mitundu itatu iliyonse ya shaki ndi abale ake uli pa ngozi yotheratu. Mu 2022, pa msonkhano wa ku Panama wa CITES, pangano la maiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zimene zili pa ngozi, maiko anagwirizana kuti mitundu yambiri imene imagulitsidwa chifukwa cha zipsepse isamatumizidwe kunja popanda chilolezo.

[Pa sikirini: maboti ataima pa doko la Maputo]

Tsopano nkhani ya kuika ndalama mu usodzi. Mu 2013 kampani ya boma la Mozambique yotchedwa Ematum inakongola madola 850 miliyoni, akuti ndi ogulira maboti ophera nsomba za tuna. Maboti 24 ophera nsomba anabweradi kuchokera ku France, koma anathera kuchita dzimbiri pa doko. Mu 2016 zinaululika kuti panali ngongole zinanso zobisika, zonse pamodzi pafupifupi madola 2 biliyoni. Maiko othandiza anaimitsa thandizo, ndalama ya dzikolo inagwa, ndipo wovutika anali munthu wamba. Yemwe anali nduna ya zachuma, a Manuel Chang, khoti la ku New York linawapeza olakwa pa mlandu wa ngongolezi mu 2024.

Ine ndimati ndikaganiza za ndalama zimenezo, ndimaona makina opangira ayezi amene akanamangidwa m'midzi ya asodzi kuyambira ku Pemba mpaka ku Inhambane. Msodzi wokhala ndi ayezi amapeza zambiri pa shaki mmodzi, ndiye safunika kupha ambiri. Kuonjezera maboti pamene nsomba zikuchepa, a ku Siavonga anaziona kale pa kapenta wa ku Kariba.

Ngati mumagwira ntchito ya nsomba, tilembereni m'munsimu: kwanuko ayezi mumamupeza kuti, ndipo pa mtengo wanji?