Vinyo ndi nsima zimayendera limodzi? Yang'anani ndiwo kaye

(Kamera pa tebulo, mbale zitatu ndi mabotolo awiri)

Muli bwanji abale anga, lero tili kuno ku Kasungu ndipo dzuwa lake ndi lija lamu Okutobala. Funso lomwe mwakhala mukunditumizira ndi lakuti vinyo ndi nsima zimagwirizana ngati? Nsima ilibe mlandu, imalola chilichonse, nkhani ili pa ndiwo.

Tiyambe ndi wofiirayu. Munalumako suku losapsa? Mkamwa mumauma, lilime kuchita kukhakhala ngati mwanyambita thumba la fodya. Chimene chimachita zimenezo ndi tannin, mu vinyo wofiira alimo wambiri chifukwa popanga amasiya makoko ndi njere za mphesa momwemo, pomwe woyera amangofinya madzi basi. Ndiye tannin uyu amakakamira ku mapulotini a m'malovu anu, n'chifukwa chake mkamwa mumauma, koma mukaluma nyama ya mafuta amapeza pena pokakamira ndipo vinyo uja amafewa, komanso amatsuka mafuta aja mkamwa moti nthuli yachiwiri imakoma ngati yoyamba.

(Akweza kanyenya wa mbuzi)

Mwamuona uyu? Wangochoka kumene pamoto, mafuta akuchita kudontha. Apa ndaika Pinotage wa ku South Africa, mphesa yomwe Abraham Perold anaipanga ku Stellenbosch mu 1925 pokwatitsa Pinot Noir ndi Cinsaut, ndipo ali ndi kafungo kena ngati ka utsi, ndiye ndi nyama yootcha pamakala eeh, zimangogwirana. Mang'inanso chimodzimodzi.

Koma wofiira yemweyu musamuyandikize kwa chambo kapena usipa. Ine ndinayesapo pa chinkhoswe cha msuweni wanga, mkamwa munangomveka ngati ndayamwa ndalama yachitsulo, fungo la nsomba kuchita kuwirikiza. Nsomba imafuna woyera wowawasira pang'ono, Sauvignon Blanc kapena Chenin Blanc, amagwira ntchito ija ya ndimu yomwe timafinyira pa chambo chokazinga.

Nanga nkhwani wotendera? Apa ena mutsutsa koma kwa ine ndi Chenin Blanc basi. Nsinjiro za kwathu kuno ndi za mafuta, zimalemera mkamwa, kuwawasa kuja kumapepuza.

Tsopano inu okonda kambuzi, mvetserani. Tsabola ndi vinyo waukali ndi adani, mowa umawonjezera moto, ndiye mukathira kambuzi wambiri n'kumwera wofiira wa 14% mudzatuluka thukuta ngati muli m'chigafa. Tengani wotsekemera pang'ono, rosé (vinyo wa pinki) uja wa Four Cousins amene anzathu ena amamunyoza kuti ndi sobo, apa ndiye pake, shuga amaziziritsa lilime.

(Agwira botolo)

Lagwira moto ili, ndipo ndi vuto lathu lalikulu. Amati wofiira samulowetsa mu fuliji, inde, koma amanena za nyumba zozizira za ku Ulaya, madigiri 16 mpaka 18, osati Kasungu masana ano. Muikeni mu fuliji mphindi 20 musanatsegule, magetsi akathima ndowa ya madzi ozizira ndi nsalu yonyowa zikuthandizani.

Sabata yamawa tili ndi nkhuku ya lokolo, ndagula kale tambala ali pa chingwe kuseriku. Lembani mmunsimu mukuona ngati afuna botolo liti.