Kulera ndi kuzoloweretsa tiamphaka tam'tchire toyenda dzandidzandi

[Chithunzi: kamphaka kakuyesetsa kufika pa mbale ya chakudya]

Taonani mmene kamphaka aka kakuyendera. Katangadza miyendo, kakamaponda kakukweza phazi mopitirira ngati kakulumpha chinthu, ndipo kakayandikira mbale mutu ukuyamba kugwedezeka. Kenako pansi khu! Kadzuka, kayambiranso. Kamphakaka kanabadwira kutchire, sikanagwidwepo ndi munthu, choncho wokalera ali ndi ntchito ziwiri, ya thupi ndi ya mantha. Ziwirizi n'zolumikizana kuposa mmene ambiri amaganizira.

Tiyambe ndi chomwe chimadzandiritsa. Kumbuyo kwa ubongo kuli kachigawo kotchedwa cerebellum, kamene kamaongolera kayendedwe ka thupi. Kachigawoka kamakula kumapeto kwa bere komanso m'masabata oyamba kamphaka katabadwa. Mphaka wamkazi akagwidwa ndi kachilombo ka panleukopenia, matenda opatsirana a amphaka, ali ndi bere, kapena akabayidwa katemera wa kachilombo kamoyo pa nthawiyo, cerebellum ya ana ikhoza kupinimbira. Madokotala a ziweto amati cerebellar hypoplasia. Zizindikiro zimaoneka kamphaka kakayamba kuyenda, cha m'ma sabata 3. Vutoli silipweteka, silikulirakulira, ndipo lilibe mankhwala. Kamphaka kamaphunzira kokha kuyenda ndi thupi lomwe kali nalo, ndipo kakhoza kukhala zaka zofanana ndi mphaka wina aliyense.

Koma musathamangire kunena kuti ndi zomwezo. Kamphaka ka cerebellar hypoplasia kamakhala kamaso owala, kamadya mosusuka, kamasewera, ndipo kakagona kunjenjemera kumatha. Kunjenjemerako kumakula pomwe kakulunjika chinthu, monga mbale kapena choseweretsa. Tsono ngati kamayenda bwino dzana n'kuyamba kudzandira lero, kapena kakunka kafookerafookera, imeneyo ndi nkhani ina ndipo ndi ya lero lomwe. Mutu wopendekera mbali imodzi, kuzungulirazungulira ndi maso ovinavina kawirikawiri zimachokera ku matenda a m'kati mwa khutu. Nkhama zoyera mbuu zimasonyeza kuchepa magazi, ndipo utitiri wokha umatha kupha kamphaka mwa njira imeneyi. Kuzizidwa ndi kutsika kwa shuga m'magazi kumadzandiritsanso. Palinso poizoni: mankhwala a utitiri opangidwira agalu okhala ndi permethrin amanjenjemeretsa mphaka mpaka kukomoka, choncho asayandikire n'komwe.

Chiwewe nachonso chimasokoneza kayendedwe. Masiku oyamba gwirani kamphaka mutavala magolovesi ochindikala kapena ndi thaulo. Kakakulumani kapena kukukandani mpaka magazi, tsukani balalo ndi sopo pa madzi oyenda kwa mphindi 15, mupite kuchipatala tsiku lomwelo.

[Chithunzi: botolo la madzi ofunda likukulungidwa m'thaulo]

Kamphaka kozizidwa musakadyetse, chifukwa mimba yozizira sigaya chakudya. Kafunditseni pang'onopang'ono ndi botolo la madzi ofunda lokulunga m'thaulo, ndipo ngati kalefuka pakani timadzi ta shuga pa nkhama uku mukupita kwa dokotala. Kosakwana masabata 4 kamafuna mkaka wopangidwira tiamphaka. Wa ng'ombe umatsegula m'mimba. Poyamwitsa kagone chafufumimba, osati chagada, ndipo chirikizani mutu ndi zala ziwiri. Pa kamphaka kogwedeza mutu zimenezi n'zofunika kwambiri, poti mkaka ukalowera kumapapo umayambitsa chibayo. Kayezeni pa sikelo tsiku lililonse nthawi yomweyo. Kayenera kuwonjezera magalamu 10 mpaka 15 pa tsiku. Kulemerako kukaima masiku awiri, pali chomwe chalakwika.

Kapatuleni kwa amphaka ena kwa masiku 14. Kudzandirako sikupatsirana, koma kachilombo komwe kanayambitsa n'kolimba, kamakhala pamalo chaka chathunthu. Tsukani mbale ndi pansi ndi sopo kaye, kenako bleach muyeso umodzi m'miyeso 32 ya madzi, musiye mphindi 10 musanatsukuluze.

[Chithunzi: chipinda chaching'ono choyalidwa makapeti]

Tsopano malo okhala, ndipo apa mpomwe kuzolowera kumayambira. Mphaka akachita mantha chida chake choyamba ndi liwiro. Kamphaka kodzandira kalibe chida chimenechi. Kakafuna kuthawa kamaterereka n'kugwa, kugwako kumawonjezera mantha, manthawo amawonjezera kunjenjemera, ndipo chotsala ndi mano ndi zikhadabo basi. Mukakonza pansi, mwachotsa theka la ukaliwo musanakakhudze.

Sankhani chipinda chaching'ono kapena khola lalikulu, osati nyumba yonse. Yalani kapeti, mphasa ya labala kapena mathaulo osaterereka paliponse pomwe kaponde, poti pa simenti yosalala kapena matailosi miyendo imangotasa. Tsekani masitepe. Kutani makona akuthwa ndi nsalu, chifukwa tiamphaka totere timabenthula mano ndi kusupula mphuno tikamagwa. Ikanimo katoni yobisalamo yokhala ndi khomo lofika pansi, koma ikhale yoti dzanja lanu lifikemo. Tsekani mipata ya kuseri kwa makabati.

Mbale zikhale zolemera, zotambalala ndi zosaya, zoikidwa pakona kuti kamphaka kazitsamira khoma pakudya. Madzi akhale ochepa, osapitirira sentimita imodzi kapena ziwiri, chifukwa mutu ukagwedezeka mphuno imamira. Bokosi la chimbudzi lidulidwe mbali imodzi mpaka pafupi ndi pansi polowera, mbali zitatuzo zikhale zazitali zoti katsamire. Kakamadzithandiza kunja kwa bokosi, kawirikawiri sikuti n'kosamva ayi. Mwina kanagweramo tsiku lina n'kuyamba kuliopa, kapena sikafika msanga. Sendezani bokosilo pafupi ndi pogona. Zikhadabo musaziwenge kwambiri, ndiye mabuleki ake.

[Chithunzi: munthu wakhala pansi chammbali, supuni ili m'manja]

Nthawi imene kamphaka kamazolowera munthu mosavuta ndi pakati pa masabata 2 ndi 7. Kakadutsa masabata 8 ntchito imakula, ndipo ka miyezi 3 kapena 4 kamatha kutenga masabata ambiri. Tsiku loyamba ndi lachiwiri ingoikani chakudya n'kutuluka. Kenako chakudya chokoma chizibwera ndi inu nokha. Khalani pansi chammbali, musakayang'ane m'maso tong'o, muziphethira pang'onopang'ono ndi kulankhula motsitsa mawu. Ikani chakudya chofewa pa supuni yaitali n'kuigwira pa msinkhu wa chibwano chake. Gwirani supuniyo nji, osaisuntha potsatira mutu, kamphaka kapeze kokha polunjika. Chakudyacho chisakhale ndi anyezi kapena adyo, zimawononga magazi a mphaka.

Chitani zimenezi mphindi 10 mpaka 15, katatu kapena kanayi pa tsiku. Tsiku lililonse fupikitsani mtunda: supuni pafupi ndi bondo, kenako pa bondo, kenako chakudya pa chala. Kakamadya mosasamala za inu, kasisiteni ndi chala chimodzi paphewa kapena patsaya. Dzanja lisachokere pamwamba pa mutu, pajatu chomwe chimagwira kamphaka kuchokera kumwamba ndi chilombo.

Apa pali msampha umene umakola olera ambiri. Kamphaka kodzandira kakagwidwa nthawi zina kamangoti zii, ndipo munthu amasangalala kuti kazolowera. Onetsetsani bwino: makutu agona, maso atong'oka, thupi lauma gwa, mchira wapanikizidwa kumimba, chakudya kakukana. Kameneko kauma ndi mantha chifukwa kakudziwa kuti sikangathawe. Kabwezeni pansi, mubwerere pa sitepe ya supuni. Kozolowera kamadya kali m'manja mwanu, thupi lili lofewa, ndipo mukalowa kamabwera kokha ngakhale kakugwa m'njira.

Ponyamula, kakulungeni m'thaulo mothinako pang'ono, miyendo yonse inayi ichirikizidwe. Tiamphaka totere timadekha thupi likaleka kuyendayenda. Potsitsa, musakasiye mpaka mapazi onse aponde. Seweretsani ndi nthenga yomangirira ku kamtengo, mukuikoka pansi osati m'mwamba, kuti minofu ilimbe popanda kudumpha. Ndipo kakagwa pofewa musathamangire kukadzutsa, kadzuke kokha, ndi mmene kamaphunzirira.

Katemera amayamba pa masabata 6 mpaka 8, n'kumabwerezedwa masabata 3 kapena 4 aliwonse kufika masabata 16, ndipo dokotala adzaperekanso mankhwala a njoka za m'mimba. Opaleshoni yotseka kubereka imatheka bwinobwino. Yemwe adzakatenge kukhala kake mumuuze poyera kuti mphaka ameneyu ndi wa m'nyumba moyo wake wonse, chifukwa sangathawe galu kapena galimoto. Mupatseni katoni, mbale ndi thaulo zomwe kanazolowera, kayambirenso m'chipinda chaching'ono kwa sabata yoyamba.