Airlock Ikasiya Kuchita Thovu: Mowa Wofulula Kunyumba ndi Okosijeni

Takulandirani nonse. Taonani chidebe ichi: mowa wakhala ukuwira masiku 4, ndipo m'mawa uno airlock ya pachivundikiro, kachipangizo kokhala ndi madzi kamene kamatulutsa mpweya wa m'chidebe koma osalowetsa wakunja, yangoti zii. Ambiri akaona chonchi amathamangira kuvundukula kuti asuzumire, koma kawirikawiri kuvundukulako ndi kumene kumawononga mowa kuposa vuto limene akuliopa, chifukwa kumalowetsa mpweya wa okosijeni m'chidebe.

Okosijeni amafunika kamodzi kokha, pa nthawi imene madzi a chimera azizira ndipo mukuthiramo yisiti, chifukwa yisiti amagwiritsa ntchito mpweyawu polimbitsa khungu la maselo ake kuti achulukane. Mowa ukangowira, mpweya womwewo umaupha pang'onopang'ono: fungo la hops (maluwa amene amapatsa mowa kuwawa ndi fungo) limazirala, mtundu umayamba kudera, ndipo mkamwa mumatsala kakomedwe konga katoni yonyowa. Mpweya ukachuluka, mabakiteriya otchedwa Acetobacter amapezerapo mwayi n'kusandutsa mowawo viniga.

Airlock yosachita thovu nthawi zambiri imasonyeza kuti labala ya pachivundikiro yalekerera, ndipo carbon dioxide, mpweya umene yisiti amatulutsa mowa ukamawira, akutulukira m'mbali. Malinga ngati yisiti akugwirabe ntchito, mpweya ukupita kunja, choncho ingokanikizani chivundikirocho, kenako tungani pang'ono pampopi wa m'munsi muyeze ndi hydrometer, chipangizo chosonyeza kuchuluka kwa shuga wotsala mu mowa. Nambala ikakhala yofanana masiku 2 kapena 3 otsatizana, kuwira kwatha.

Ngozi imene ine ndimaiopa kwambiri ndi yobisika. Mukatsitsa mowa kuchoka pa madigiri 19 a Celsius kufika pafupifupi 2 kuti uyere, mpweya wa m'chidebe umafinyika, ndipo chidebecho chimayamwa madzi a mu airlock pamodzi ndi mpweya wakunja. Musadalire zimene ena amanena zoti carbon dioxide amakhala ngati bulangeti pamwamba pa mowa; mipweya imasakanikirana ndithu. Njira yothandiza ndiyo kumangirira baluni yodzaza carbon dioxide pakamwa pa chidebe musanachiziziritse, kuti chikamayamwa chiyamwe mpweya umenewo.

Pothira m'mabotolo, yang'anitsitsani paipi iyi. Mukaona tithovu tasiliva tikuthamanga kuchokera polumikizira, imani pomwepo ndipo mangani bwino polumikizirapo, popeza tithovu timeneti ndi mpweya wakunja umene ukulowa mu botolo lililonse. Paipiyo ifike pansi penipeni pa botolo kuti mowa usakhavukire, ndipo muvundikire msanga likangodzaza.