Madzi a m'mapaipi pamudzi wodzidalira: kuchokera pa kasupe kukafika pa mpopi

Moni owonera nonse. Mu vidiyo ino tikambirana za momwe anthu amene akukhazikitsa mudzi kutali ndi mapaipi a kampani yogawa madzi angakonzere njira yawoyawo yotungira, yosungira ndi yogawira madzi. Ambiri akamva nkhaniyi maganizo amathamangira ku pampu, kuti agule yaikulu bwanji ndiponso iziyendera chiyani, pomwe pampu iyenera kuganiziridwa pamapeto penipeni. Ntchito yonse yagona pa mfundo yakuti madzi akwezedwe kamodzi kokha, azitsika okha kupita kwa owagwiritsa ntchito, ndipo mapaipi azikhala odzaza usana ndi usiku.

Musanagule paipi ngakhale imodzi, yezani madzi amene muli nawo, ndipo muwayeze kumapeto kwa chilimwe pamene kasupe kapena chitsime chatsika kotheratu. Tiyerekeze kuti kasupe wanu akudzaza ndowa ya malita 20 pa masekondi 100. Ndiye kuti pa tsiku akutulutsa malita 17,280. Bungwe la World Health Organization limawerengera kuti malita 20 pa munthu pa tsiku ndi mlingo wongoyambira, ndipo mpopi ukakhala pafupi ndi nyumba munthu amagwiritsa ntchito malita pafupifupi 50. Mudzi wa anthu 200 ufuna malita 10,000 pa tsiku, choncho kasupeyu akukwanira, ngakhale ziweto ndi zomera zothirira sitinaziwerengere. Ngati mukudalira mvula ya padenga, kawerengedwe kake n'kosavuta: mvula ya milimita imodzi ikagwa pa denga la mita imodzi mulitali ndi mita imodzi mulifupi, imapereka lita imodzi, kupatulapo yotayika.

Komatu kasupe uja akukwanira pa tsiku lonse, osati pa ola limene anthu onse akutunga. Madzi amene amatulutsa pa sekondi ndi ongokwanira mpopi umodzi wotsegula. M'mawa mipopi isanu ikatsegulidwa nthawi imodzi, inayi ingodontha. Apa ndi pamene thanki imaonetsa ntchito yake, chifukwa imasonkhanitsa madzi a usiku wonse n'kuwapereka pa maola ochepa amene akufunika kwambiri. Thanki yosunga madzi a tsiku limodzi ndi poyambira pabwino. Kumbukirani kuti lita imodzi imalemera kilogalamu imodzi, motero thanki ya malita 10,000 ikadzaza imalemera matani 10, ndipo nsanja yomangidwa mwachidule siingausenze katunduyo. Pakakhala chitunda pafupi, ikani thanki pa chitundapo, musavutike ndi nsanja.

Tsopano tifike pa nkhani imene imasokoneza anthu ambiri, ya mphamvu imene madzi amatuluka nayo pa mpopi. Mphamvuyi siichokera ku kukula kwa thanki. Imachokera ku kutalika kokha, kuyeza molunjika kuchokera pamwamba pa madzi a m'thanki kutsikira pamene pali mpopi. Mamita 10 alionse amapereka mphamvu ya pafupifupi bar imodzi (bar ndi muyezo wa mphamvu imene madzi amakankha nayo). Thanki yaikulu yokhala mamita atatu pamwamba pa mpopi imapereka madzi ofooka kuyerekeza ndi mgolo waung'ono wopachikidwa mamita 15 m'mwamba. Pamudzi wokhala pamalo otsetsereka, nyumba yoyandikana ndi thanki ndiyo imalandira madzi ofooka kuposa zonse, pomwe ya kumunsi kwa chigwa imalandira amphamvu mpaka zolumikizira zake zimachucha. Malo akakhala otsetsereka kwambiri, mwachitsanzo kasupe ali mamita 120 pamwamba pa mudzi, paipi yolembedwa PN10, imene inapangidwa kuti izipirira ma bar 10, ikhoza kuphulika chakumunsi. Njira yake ndi kumanga kathanki kakang'ono pakati pa mtunda, momwe madzi amagwera n'kukumana ndi mpweya, mphamvu yawo n'kuyambiranso pa ziro.

Kutsetsereka kwakukulu sikofunika kuti madzi ayende. Ngalande imene Aroma anamanga yopititsa madzi ku mzinda wa Nîmes, yodutsa pa mlatho wa Pont du Gard ku France, inali ya makilomita pafupifupi 50, koma kuchokera koyambira kukafika kothera inatsika mamita osakwana 13. Chimene chinagwira ntchito pamenepo ndi kuyeza mosamala.

M'paipi, mbali ina ya mphamvu imathera m'njira chifukwa madzi amakhulana ndi khoma la paipiyo, ndipo pano ndi pamene kuumira ndalama kumapweteketsa. Mukachulukitsa kawiri madzi odutsa m'paipi imodzimodzi, mphamvu yotayika imachuluka pafupifupi kanayi. Koma mukatenga paipi yotakata kawiri, madzi n'kukhala omwewo, mphamvu yotayika imachepa pafupifupi ka 30. N'chifukwa chake paipi yaikulu yochokera ku thanki iyenera kukhala yotakata, nthambi zopita ku magulu a nyumba zikhale zocheperapo, ndipo paipi yopyapyala ya mamilimita 15 kapena 20 isiyidwire kamtunda kakafupi kofika pa mpopi. Maganizo anga ndi akuti ndalama imene ena amaonjezera pa pampu yamphamvu ikanathandiza kwambiri ikanapita ku paipi yotakata, chifukwa paipi siidya magetsi.

Pa mitunda italiitali paipi ya pulasitiki ya mtundu wa HDPE ndi yabwino chifukwa imabwera yokulungidwa, ndipo malo olumikiza, amene ndi pamene madzi amakonda kuchucha, amakhala ochepa. Ya pulasitiki ya mtundu wa PVC imauma n'kumasweka ikakhalitsa padzuwa, choncho iyenera kukwiriridwa. Paipi yachitsulo igwiritsidwe ntchito podutsa pa thanthwe kapena powoloka mtsinje. Mtovu usapezeke paliponse pamene padutsa madzi akumwa. Zimene zinachitika mumzinda wa Flint m'chigawo cha Michigan ku America kuyambira mu 2014, pamene madzi atsopano anayamba kudya mapaipi akale n'kutengera mtovu m'nyumba za anthu, zikukwanira kukhala chenjezo.

Paipi yoyenda mokwera ndi motsika imakhala ndi adani awiri. Pamalo okwera pamasonkhana mpweya umene umatha kutsekereza madzi ngakhale paipi ili yabwinobwino, ndipo mukagunditsa khutu pa mpopi mumamva kukhosomola ndi kulavula m'malo mwa madzi oyenda mwakachetechete. Pamenepo pamafunika vavu yotulutsira mpweya. Pamalo otsika pamadikha matope, ndipo pamafunika vavu yotsukira imene imatsegulidwa mwa apo ndi apo mpaka madzi atuluke oyera.

Madzi akakhala kumunsi kwa mudzi, ndiye pampu ikufunika, koma ntchito yake ikhale imodzi yokha, yodzaza thanki. Pampu yokoka madzi ili pamtunda siingawakoke kuchokera pansi kuposa mamita 7 kapena 8, chifukwa chimene chimawakankhira m'paipi ndi kulemera kwa mpweya wotizungulira, ndipo m'mapiri mlingowu umachepanso. Chitsime chakuya chimafuna pampu yomizidwa m'madzi momwemo. Pampu ya sola imagwirizana bwino ndi thanki, popeza madzi okwezedwa masana amatsika okha usiku popanda batire. Palinso pampu yotchedwa ram, imene Joseph Montgolfier wa ku France anaikonza kuti izidziyendera yokha mu 1796. Imagwiritsa ntchito kugunda kwa madzi oyenda akatsekeredwa mwadzidzidzi, n'kukankhira gawo laling'ono la madziwo pamwamba, ambiri n'kubwerera kumtsinje. Siifuna mafuta kapena magetsi, koma imafuna mtsinje wosaphwa wokhala ndi potsetsereka.

Madzi ooneka oyera akhoza kukhala ndi poizoni, monga zinaonekera ku Bangladesh kumene mijigo yambirimbiri inapezeka ndi arsenic, choncho madzi a gwero latsopano apimidwe ku labotale anthu asanayambe kumwa. Madzi a mumtsinje amafuna kudikhitsidwa ndi kusefedwa. Sefa ya mchenga yoyenda pang'onopang'ono, yonga imene James Simpson anamangira mzinda wa London mu 1829, ikugwirabe ntchito mpaka lero, ndipo mphamvu yake ili m'kakhungu ka tizamoyo kamene kamamera pamwamba pa mchengawo. Mukathira klorini, adikire mphindi 30 asanamwedwe, ndipo pa mpopi wakutali kwambiri pazipezekabe mamiligalamu 0.2 mpaka 0.5 pa lita.

Kuyeretsa konseku kumapita pachabe ngati mapaipi amauma. Paipi yodzaza ikakhala ndi kabowo, madzi amatuluka kunja ndipo zonyansa sizilowa. Ikauma, kabowo komweko kamayamwa madzi a m'nthaka, ndipo madzi akabweranso amatengera zonsezo ku mipopi. Chifukwa chake kugawa madzi mosinthana maola ndi njira yoopsa kuposa momwe imaonekera. Chimbudzi chikhale mamita osachepera 30 kuchokera pa chitsime, makamaka chakumunsi kwake. Mu 1854 dokotala John Snow anasonyeza kuti kolera imene inapha anthu ambiri m'dera la Soho ku London inkachokera pa pampu ya mu Broad Street, ndipo pambuyo pake zinadziwika kuti chitsime chake chinali pafupi kwambiri ndi dzenje la zonyansa. Paipi ya madzi oipa izidutsa pansi pa ya madzi akumwa, ndipo ziwirizi zisagone m'ngalande imodzi.

Musanakwirire ngalande, dzazani mapaipi, tsekani mipopi yonse, ndipo muyende mzere wonse mukugwira cholumikizira chilichonse ndi dzanja louma. Nthambi iliyonse ikhale ndi vavu yakeyake m'kabokosi kotsekeka, kuti pokonza nyumba imodzi mudzi wonse usasowe madzi. Jambulani mapu osonyeza pamene paipi yadutsa, kukula kwake ndi kuya kwake, mukuyeza mitunda kuchokera pa zinthu zosasuntha monga ngodya za nyumba, ndipo mapuwo asungidwe ndi anthu oposa mmodzi pamodzi ndi zolumikizira zapadera za saizi iliyonse imene mwagwiritsa ntchito.